Woimba ng'oma naye azitchulidwa

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pang'ono za mmene nkhani za mphoto za mafilimu zimalembedwera. Nyengo ya mphoto za Oscar za ku America ikakwana, timamva za amene wavala chiyani ndi amene waposa anzake pa zisudzo. Za nyimbo zimangobwera kamzere kamodzi kumapeto, nakonso kopanda maina okwanira.

Ine ndi mmodzi wa aja otsalira pampando filimu ikatha, kuwerenga maina oyenda pa kanema ana atabalalika kale. M'menemo ndi mmene ndinadziwira kuti nyimbo imene ambiri amangoti "ya Rihanna", Lift Me Up, ya mu Black Panther: Wakanda Forever, anaipeka anthu anayi: Rihanna mwini wake, Ryan Coogler, Ludwig Göransson ndi Tems wa ku Nigeria. Inali yokumbukira malemu Chadwick Boseman, amene anasewera ngati mfumu T'Challa mu Black Panther yoyamba, ndipo inalowa m'gulu la zopikisana pa Oscar ya 2023. Kodi ndi angati kuno amene anauzidwa kuti mtsikana wa ku Lagos anali pamndandanda umenewo?

Chaka chimenecho imene inapambana ndi Naatu Naatu ya mu filimu ya RRR ya ku India, yoimbidwa m'Chitelugu, osati m'Chingerezi. Chikho chinapita kwa M. M. Keeravani amene anapeka maimbidwe ndi Chandrabose amene analemba mawu. Amene anaiimba, Rahul Sipligunj ndi Kaala Bhairava, anaimba pa nsanja usiku womwewo nkubwerera chimanjamanja, chifukwa lamulo la mphotoyi limaona wopeka, osati woimba. Sindikulitsutsa lamulolo. Koma mtolankhani salamulidwa ndi lamulo limenelo, akhoza kuwatchula onse.

Imene imandikhudza kwambiri ndi ya Black Panther yoyamba. Göransson, wa ku Sweden, analandira Oscar mu 2019 chifukwa cha nyimbo zoperekeza filimuyo, ndipo ndi katswiri ndithu. Anatenganso ina mu 2024 ndi Oppenheimer. Komatu asanalembe kalikonse anapita ku Senegal, nkumayenda ndi Baaba Maal, amene mawu ake ndi aja amamveka dziko la m'filimuyo la Wakanda likamaonekera koyamba. Kang'oma kamene kamalira T'Challa akatulukira ndi tama, kaja kopanira kukhwapa kamene kamatsanzira kalankhulidwe ka munthu, ndipo woimba wake ndi Massamba Diop. Tachotsani kang'omako muone ngati mfumu ija ikhalabe mfumu. Kwathu kuno gule akakoma sitiyamika wovina yekha, timafupanso wa ng'oma.

Pali china. Göransson anapitanso ku International Library of African Music ku South Africa kukamvetsera nyimbo zakale za mu Africa. Nkhokwe imeneyi anaiyambitsa Hugh Tracey mu 1954, ndipo muli nyimbo zimene iye anajambula kuno dziko lino likutchedwa Nyasaland. Sindikunena kuti nyimbo zathu zinalowa mu filimuyo ayi. Chikundiwawa nchakuti mlendo wa ku Sweden anadziwa khomo la nkhokweyo, pamene ife eni tikapanga filimu timangotola kanyimbo ka piyano pa intaneti nkukaika pamaliro, pachikondi, paliponse. Bangwe, kaligo ndi mangolongondo zilipo, odziwa kuziimba aliponso.

Ndipo chilankhulo si chopinga. Mu 2024 nyimbo ya Scott George ya m'chilankhulo cha Aosage, mtundu wina wa eni nthaka a ku America, ya mu Killers of the Flower Moon, inapikisana ndi ya Billie Eilish ya mu Barbie. Sinapambane, koma oimba a mtunduwo anazungulira ng'oma yawo pa nsanja ku Los Angeles dziko lonse likuonera.

Pempho langa, Akonzi, ndi lakuti mukamalemba za filimu, ya kunja kapena ya kuno, mtolankhani wanu azidikira maina a kumapeto aja atiuze amene anapeka nyimbo, amene anaimba ndi amene anagwira chida.

Wokonda mafilimu,
Zomba