Amphaka oipitsa madimba a ena: poizoni sathetsa vutoli

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani imene imadanitsa anthu oyandikana nyumba mpaka kusiya kupatsana moni: mphaka wa khomo lina kumakachita chimbudzi m'dimba la khomo lina. Wodandaula amangouzidwa kuti mphaka samangidwa chingwe ngati galu, choncho apirire. Naye akatopa amathamangira poizoni. Onse awiri amalakwa, koma mlandu waukulu uli ndi mwini mphaka, chifukwa zambiri zothetsera vutoli zili m'manja mwake.

Mphaka sabwerera ndiwo zanu. Amafuna dothi lofewa, louma, losavuta kupalasa, pamalo a zii pamene palibe chomudzidzimutsa. Bedi limene mwangolitipula ndi kulisalaza kuti mufese ndi lomwelo ndendende. Amakumba kadzenje, n'kudzithandiza, n'kukwirira, ndipo pokwirirapo m'pamene amazula mbande ndi kumwaza mbewu. Fungo lotsalira, ngakhale inu simukulimva, limamuitana mawa lake, n'kuitananso anzake. N'chifukwa chake bedi limodzi limaipitsidwa tsiku ndi tsiku pamene loyandikana nalo, lokhala ndi masamba othithikana, silikhudzidwa n'komwe.

Ena amati nkhaniyi ndi ya fungo ndi kunyansidwa chabe. Ayi ndithu. M'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Toxoplasma gondii. Kanapezeka mu 1908, koma zoti mphaka ndiye amakafalitsa kudzera m'chimbudzi zinatsimikizika cha m'ma 1970. Mphaka amakatenga akadya khoswe, mbalame kapena nyama yaiwisi, ndipo kwa sabata imodzi mpaka masabata atatu amatulutsa timazira take tambirimbiri. Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: timazirato sitipatsira matenda tikangotuluka, timayamba takhwima kwa tsiku limodzi mpaka masiku 5. Tikakhwima timakhala ndi moyo m'dothi lachinyezi kwa miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Munthu wathanzi akakatenga, kawirikawiri samva kanthu. Koma mayi akakatenga koyamba ali woyembekezera akhoza kupita padera, kapena mwana kubadwa ndi vuto la maso kapena la ubongo. Munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika kwambiri, monga amene ali ndi HIV koma sali pa mankhwala, kamatha kumugwira ubongo. Mbuzi ndi nkhosa nazonso zimataya bere zikadya chakudya choipitsidwa ndi amphaka.

Palinso njoka zam'mimba za mtundu wa Toxocara cati. Mazira ake amakhwima pakatha masabata awiri kapena kuposerapo, ali ndi chikopa cholimba, ndipo amatha zaka m'nthaka. Amene amavulala kwambiri ndi ana okwawa, oseweretsa dothi n'kuika zala m'kamwa. Timphutsi timayenda m'chiwindi ndi m'mapapo, mwa apo ndi apo n'kufika m'diso. Mtundu wina wa njoka timphutsi take timaboola khungu la phazi kapena la m'matako munthu akaponda kapena kukhala pa mchenga wachinyezi woipitsidwa, n'kusiya kamzere kofiira kokhotakhota koyabwa koopsa. Choncho wodandaula za dimba lake si wovuta ayi, ali ndi chifukwa.

Mwini dimba ayambe ndi kuchotsa, ndipo azichotsa tsiku lililonse m'mawa, timazira tisanakhwime. Valani magolovesi kapena jumbo m'manja, tapani ndi kafosholo pamodzi ndi dothi lozungulira, masentimita ngati 5 mbali zonse ndi pansi pomwe. Tayani m'chimbudzi chokumba, kapena mangani m'jumbo muike ku zinyalala, kapenanso kwirirani m'dzenje lakuya kutali ndi ndiwo ndi chitsime. Musaponye pa mulu wa manyowa. Timazira ta Toxoplasma timafa kutentha kukafika madigiri pafupifupi 60, koma mulu wapakhomo sutentha chotero mbali zonse, ndiye mudzangomwaza matendawo m'dimba lonse ndi manja anu omwe. Bulichi satipha timazirati. Kafosholo katsukeni ndi madzi owira. Mukatha sambani ndi sopo, osaiwala m'zikhadabo, ndipo zonse zodya zosaphika monga letesi, kaloti ndi tomato zitsukidwe bwino ndi madzi oyera. Ntchito yochotsayi isapatsidwe mayi woyembekezera.

Kenako landani mphaka chimene wabwerera, dothi lopalasika. Njira yodalirika kuposa zonse ndi kuyala waya wa khola la nkhuku pamwamba pa bedi mukangofesa, ogonekedwa pa dothi penipeni, n'kumukhomerera ndi zikhomo theka la mita lililonse. Mphaka akapalasa zikhadabo zimakodwa, ndiye amachoka. Mbewu zimamera kudutsa m'maso mwa wayayo, ndipo za tsinde lalikulu monga kabichi mumangozidulira bowo lokulirapo. Nsonga za waya wodulidwa zipindireni pansi kuti zisabaye munthu kapena chiweto. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kusiya mpata m'mphepete. Mphaka amapeza kadanga kotalika chikhatho chimodzi n'kukagwiritsa ntchito.

Wopanda waya abzike timitengo totalika masentimita 20 kuchokera padothi, motalikirana masentimita 8 mpaka 10 bedi lonse. Mphaka amafuna malo otembenukira ndi onjuta, ndiye akasowa amapita. Mukatalikitsa mipata kufika masentimita 20, mwangotaya nthawi yanu. Nthambi za minga zogonekedwa pakati pa mizere zimagwiranso ntchito, bola pasakhale ana oyenda opanda nsapato. Kuthirira madzulo kumathandiza chifukwa mphaka sakonda dothi lonyowa lomatirira kumapazi, koma thirirani pansi, osati pamasamba, kuopa matenda a chinyezi. Pophimbira nthaka pewani utuchi ndi mchenga, zimenezo ndi zomuitana. Gwiritsani ntchito miyala yokulirapo kapena makungwa okhakhala. Zonsezi n'zofunika kwambiri masabata oyambirira okha, pakuti masamba akaphimba nthaka vuto limachepa lokha. Mulu wa mchenga womangira nyumba, kapena mchenga woseweramo ana, uzivundikiridwa ndi pulasitiki kapena lona usiku uliwonse.

Za mpanda musadalire kwambiri. Mphaka amadumpha mita imodzi ndi theka osavutika, ndipo pamene sangadumphe amakwera. Mpanda womuletsa umafunika kufika mamita awiri, pamwamba pake pali waya wolendewera wopendekera kunja. Zimenezo n'zotheka pa nazale yaing'ono, osati dimba lonse.

Nanga zonunkha zija anthu amalangizana? Makoko a mandimu ndi malalanje amathandiza masiku awiri atatu, mvula ikagwa kapena akauma basi. Ufa wa tsabola umawotcha maso ndi mphuno za chiweto, ndi nkhanza chabe. Timibulu toyera toika m'zovala pothamangitsa njenjete ndi poizoni kwa amphaka, agalu ndi ana, ndipo sitiyenera kukhala pa dothi lolimapo chakudya. Mankhwala otsukira amene amayera ngati mkaka mukawasakaniza ndi madzi ndi oopsa kwa mphaka, chifukwa akapondapo amanyambita mapazi. Otsukira okhala ndi amoniya amanunkha mofanana ndi mkodzo, ndiye m'malo mothamangitsa amakopa. Kumuwaza madzi mukamupeza sikumuvulaza ndipo amathawadi, kungoti amaphunzira msanga kubwera inu mutagona.

Za poizoni ndinene mosabisa: n'zoipa ndipo sizithandiza. Nyambo yothira mankhwala a makoswe siisankha wodya. Imapha galu, nkhuku, kadzidzi amene wadya khoswe wofayo, ndipo imatha kutoledwa ndi mwana. Mphakayo amafa imfa yowawa ya maola kapena masiku, ndipo m'mayiko ambiri kuzunza chiweto chotero ndi mlandu. Pamwamba pa zonsezo, dera limene lili ndi chakudya ndi dothi lofewa silikhala lopanda mphaka. Mukachotsa mmodzi, wina amene ankaopa kulowa amatenga malowo. Kumuika m'thumba n'kukamutaya kutali ndi kungosenzetsa anthu ena vuto lomwelo.

Tsopano kwa inu eni amphaka. Funso loyamba ndi losavuta: kodi mphaka wanu amadzithandiza kuti? Ngati simukudziwa, ndiye kuti alipo wina amene akudziwa bwino lomwe. Mupatseni chimbudzi pakhomo panu. Cham'nyumba ndi beseni lotalika kamodzi ndi theka kutalika kwa thupi lake, lothira mchenga wouma wosefa masentimita ngati 5. Liikeni pa ngodya ya phee, kutali ndi mbale yake ya chakudya ndi madzi, pakuti mphaka sadzithandiza pamene amadyera. Amphaka akakhala awiri mabeseni akhale atatu, nthawi zonse limodzi loposa chiwerengero chawo. Tapani zoipa tsiku lililonse, ndipo kamodzi pa sabata khuthulani zonse, tsukani ndi madzi otentha, thirani mchenga watsopano.

Chakunja n'chosavutanso. Kumbani dzenje la masentimita 60 mbali zonse, kuya masentimita 30, pafupi ndi khoma kapena chitsamba. Pansi ikani miyala ing'onoing'ono masentimita 10 kuti madzi azitsika, pamwamba mchenga wosakaniza ndi dothi lofewa, ndipo muikepo kadenga koteteza mvula. Tsiku loyamba kwirirani pang'ono chimbudzi chake chomwe kuti fungo limulondolere. Akakana kugwiritsa ntchito, chifukwa chake sichisowa: mwina panyowa, mwina simukutapa, mwina pali pafupi ndi galu kapena pa njira yodutsa anthu. Konzani chimenecho, osati kumumenya. Muzimudyetsa nthawi yofanana tsiku lililonse ndi kumusunga pakhomo kwa kanthawi akatha kudya, chifukwa amphaka ambiri amafuna chimbudzi atangodya. Usiku agone m'nyumba momwe muli beseni. Madzulo ndi mbandakucha ndiyo nthawi imene amayendayenda kwambiri. Ndipo lekani kumumana chakudya poganiza kuti wanjala ndiye amagwira makoswe. Mphaka wokhuta amasakabe, pamene wanjala amangosamukira ku zinyalala za anzanu.

Chachikulu koposa ndi kutseketsa, ndiko kumuchititsa mphaka opaleshoni kuti asabereke. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha. Bere limatenga masiku 63 mpaka 65, amaswa ana atatu mpaka asanu kawirikawiri, kawiri kapena katatu pa chaka, ndipo amatha kutenganso bere lina akuyamwitsa. Werengani nokha kuti khomo limodzi losasamala limadzaza mudzi ndi amphaka angati m'zaka ziwiri. Zoti wamkazi ayambe wabereka kamodzi asanatsekedwe zilibe maziko. Wamwamuna wosafula amayenda mtunda wautali, amathira mkodzo wonunkha pa makoma ndi zitseko za anthu, amamenyana usiku, ndipo mabala olumana ndi amene amafalitsa matenda pakati pa amphaka. Akafulidwa zambiri mwa izi zimachepa. Opaleshoniyi ichitidwe ndi dokotala wa ziweto mphaka akafika miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, osati kunyumba ndi mpeni kapena mphira. Jakisoni ndi mapiritsi olera musawatenge ngati njira yokhalitsa, chifukwa amabweretsa mafinya m'chiberekero ndi zotupa za m'mawere.

Mankhwala a njoka zam'mimba ndi amene amachepetsa chiopsezo kwa ana a mnzanu ndi anu omwe. Tiana ta mphaka tiyambe kulandira tili ndi masabata atatu, n'kubwereza pakatha masabata awiri aliwonse mpaka titasiya kuyamwa, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6. Wamkulu woyenda panja alandire kamodzi pa miyezi itatu iliyonse, wosaka kwambiri pafupipafupi kuposa apo. Mlingo umatengera kulemera kwake, choncho muyezeni, musangoyerekeza. Dziwani kuti mankhwala a njokawa sapha Toxoplasma. Kameneko mumakachepetsa posamupatsa nyama yaiwisi ndi potapa beseni tsiku ndi tsiku. Katemera wa chiwewe ayambe pa miyezi itatu, n'kumabwereza monga anenera dokotala, pakuti mphaka nayenso amafalitsa chiwewe. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi mphaka wosadziwika, atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Zinthu ziwiri zimapha amphaka ambiri m'manja mwa eni ake owafunira zabwino: paracetamol, ngakhale kachidutswa, ndi mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin.

Wodandaula akamapita kwa mwini mphaka, apite mtima uli pansi, atayamba watsimikiza kuti mphakayo ndi yemweyo, chifukwa dimba limodzi limatha kuyenderedwa ndi amphaka angapo usiku umodzi. Anene malo ndi nthawi, ndipo apemphe chinthu chodziwika: chimbudzi cha mphaka pakhomo pawo, kumutsekera usiku, kumutseketsa. Mwini mphaka wanzeru amathandizako kugula waya wa pa bedi, pakuti chiweto ndi chake.

Otsala ndi amphaka opanda mwini. Wowadyetsa adziwe kuti wasanduka mwini wawo, ndipo kudyetsa popanda kutseketsa ndi kuchulukitsa mavuto awo omwe. Zinyalala zokhala ndi zotsala za chakudya zizivundikiridwa, chifukwa zimaitana makoswe ndi amphaka pamodzi. Njira imene madokotala a ziweto ndi mabungwe osamalira zinyama amagwiritsa ntchito m'mayiko ambiri ndi kuwagwira ndi khola lotchera, kuwatseketsa, kuwabaya katemera wa chiwewe, n'kuwabwezera pamalo pomwe anawatenga. Ali chigonere ndi mankhwala, amadulidwa kansonga ka khutu limodzi kuti asadzagwidwenso kachiwiri. Mukaona mphaka wodulidwa kansonga chotero musamupitikitsire kutali: ameneyo saberekanso, ndipo akakhalapo, amphaka achilendo osatsekedwa salowa wambawamba.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu