Kalata kwa Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, kuchokera ku Johannesburg

Olemekezeka a Sipikala,

Ndikulemba ndili m'kachipinda kanga ku Mayfair, kuno ku Joni, nditangoweruka ku ulonda wa usiku. Pa 16 September 2025 sindinavote. Ife a kunja palibe potiponyera voti, ndipo ndalama ya basi ya pa Park Station, yodzera ku Beitbridge ndi ku Tete, ndinaona kuti bola igule feteleza kumudzi. Komabe dziko ndi langa, ndiye mundilole ndiyankhule.

M'sutikesi ya mayi anga muli zitenje zitatu: chachikasu cha UDF, chabuluu cha DPP ndi chaolenji cha PP. Zonsezo anawapatsa ndi munthu mmodzi, yemwe anali phungu wa kwathu. Nthawi iliyonse ankabwera ndi mawu omwewo, akuti anthu ake ndiwo amutuma kuti akagwire ntchito ndi boma kuti chitukuko chibwere. Mayi amati iwo sanafunsidwepo. Chachikasu chija lero amamangira chimanga popita ku chigayo, ndipo mlatho womwe ankalonjeza udakali wa mitengo, mvula ikagwa ana sapita kusukulu.

Matendawa mukuwadziwa kuposa ine. Mu 2005 a Bingu wa Mutharika atatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, aphungu anakhamukira komweko. Mu 2007 khoti lalikulu la apilo linanena kuti gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lomwe limati Sipikala alande mpando wa phungu wochoka m'chipani chomwe anapambanira n'kulowa china, ndi lovomerezeka, koma zotsatira zake zinali ziletso za kukhoti ndi kukokanakokana pa bajeti kwa miyezi. Mu April 2012 a Bingu atamwalira, maliro asanaiwalike n'komwe, omwe aja anali atavala kale zaolenji. Chodabwitsa n'chakuti chipani chilichonse chimalikonda gawoli chikakhala kotsutsa. Chikangolowa m'boma, zii.

Kuno ku South Africa nawo anayesapo zolola aphungu kusamuka ndi mipando yawo, anaona kuipa kwake, n'kuzithetsa mu 2009. Lero phungu akachoka m'chipani, mpando amausiya. Sindikuti kuno n'kumwamba, ayi, ife timagona khutu lili kunja. Koma pa ichi chokha anatiposa.

Musandimve molakwa, sindikufuna aphungu ongowomba m'manja chilichonse chomwe mtsogoleri wanena. Zija za chipani chimodzi tinazikana pa 14 June 1993. Phungu azitsutsa chipani chake chikalakwa. Akatopa nacho achoke, koma abwerere kwa mayi anga akapemphenso voti atavala mtundu watsopanowo. Kodi chovuta n'chiyani pamenepa, ngati anthu anamutumadi?

Pempho langa lili pawiri. Dandaulo la gawo 65 likafika pa tebulo panu, gamulani msanga, ngakhale phunguyo akuthawira ku chipani chomwe chinakuikani pampandopo. Oweruza asanu aja anaima nji pa 3 February 2020 n'kufafaniza chisankho cha Tippex, ndiye kuti n'zotheka. Chachiwiri, lolani Nyumbayo ikambirane zobwezeretsa gawo 64, lija linkapatsa ovota mphamvu yochotsa phungu wawo, lomwe aphungu eni ake analichotsa mu 1995 lisanagwire n'komwe ntchito.

Mu December ndikubwera kumudzi. Ndidzaima pa Lilongwe, ndipo ngati alonda anzanga a pageti adzandilole, ndidzakusiyirani kalata yomweyi pa pepala.

Ine wanu,
Mlonda wa ku Mayfair