Tiziyamikira luso la amayi osewera tchesi, osati nkhope zawo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za khalidwe limene lakhala likundiwawitsa mtima kwa nthawi yaitali, monga mphunzitsi amene ndimaphunzitsanso ana tchesi akaweruka m'kalasi. Mtsikana kapena mayi akapambana pa mpikisano wa tchesi, anthu ambiri, kuphatikizapo olemba nkhani ena, amathamangira kukamba za nkhope yake, tsitsi lake ndi zovala zake, koma za mmene waseweramo sazitchula n'komwe.

Nkhaniyi inamveka kwambiri mu Januwale 2024, pamene Divya Deshmukh, mtsikana wa ku Nagpur m'dziko la India, anamaliza mpikisano wa Tata Steel ku Wijk aan Zee m'dziko la Netherlands. Pa nthawiyo anali ndi zaka 18 zokha. Mpikisano utatha, iye analemba pa Instagram kuti anakhumudwa poona kuti owonera ankangokamba za zovala zake, tsitsi lake ndi kayankhulidwe kake, pomwe amuna amene ankapikisana nawo ankawayamikira chifukwa cha kasewero kawo basi. Tsono taonani zimene mtsikanayu wachita kuchokera nthawi imeneyo. Mu Seputembala chaka chomwecho anali m'timu ya amayi a ku India imene inapata mendulo yagolide pa mpikisano waukulu wa Olympiad ku Budapest, ndipo iye payekha analandiranso mendulo ina yagolide chifukwa chosewera bwino. Mu Julaye 2025, ku Batumi m'dziko la Georgia, anatenga chikho cha dziko lonse cha amayi atagonjetsa mu ndime yomaliza Koneru Humpy, katswiri wa kwawo komweko amene anatchuka Divya asanabadwe. Kupambana kumeneko kunamupatsa ulemu wa Grandmaster, umene umapatsidwa kwa akatswiri apamwamba kwambiri a tchesi, ali ndi zaka 19, ndipo anakhala mayi wachinayi wa ku India kufika pamenepo. Pa anthu pafupifupi 2,000 amene analandirapo ulemu umenewu pa dziko lonse, amayi safika n'komwe 50. Kodi munthu wotere nkhani yake ingakhale tsitsi?

Amene sanasewerepo tchesi ya mpikisano sangadziwe thukuta limene limakhetsedwa pamenepo. Masewero amodzi amatha kutenga maola anayi kapena asanu, munthu atakhala chete, akuwerengera m'mutu zimene mnzake angachite, ndipo kuphonya kamodzi kokha kumagwetsa ntchito ya tsiku lonse. Asanakhale pa bolodi amakhala atatha masiku akuphunzira kasewero ka amene akumane naye. Ife tonse timadziwa mmene bawo imakhalira pansi pa mtengo: katswiri akadya nkhomo za mnzake mpaka kumugoneka, anthu amakambirana za mtaji umene wamupatsa chipambano, ndipo palibe amene amafunsa kuti malaya ake anagula kuti. Ulemu womwewo ndi umene amayi osewera tchesi akupempha, ndipo sakupempha chinthu chapadera ayi.

Luso lawo silofunikanso kutsutsana. Judit Polgár wa ku Hungary anakhala Grandmaster mu 1991 ali ndi zaka 15, wamng'ono kuposa mmene katswiri wa ku America Bobby Fischer analili pamene ankalandira ulemu womwewo, ndipo mu 2002 anagonjetsa Garry Kasparov, amene anali nambala 1 pa dziko lonse nthawi imeneyo, ku Moscow. Mu 2005 anafika pa nambala 8 pa osewera onse a dziko lapansi, amuna ndi akazi omwe. Iye asanabwere kunali Nona Gaprindashvili wa ku Georgia, amene anakhala katswiri wa amayi pa dziko lonse kuyambira 1962 mpaka 1978.

Chomvetsa chisoni n'chakuti vutoli lafika ngakhale kwa oyendetsa masewerowa. Mu 2021 bungwe la FIDE, limene limayang'anira tchesi pa dziko lonse, linalengeza kuti mipikisano ya amayi izithandizidwa ndi Motiva, dzina la malonda a zinthu zimene madokotala amaika m'mawere pochita opaleshoni. Amayi ambiri osewera anadandaula poyera, ndipo ine ndikugwirizana nawo, chifukwa masewero olimbitsa ubongo sayenera kuuza mwana wamkazi kuti chofunika pa iye ndi thupi.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti kuyamikira kukongola si mlandu, ndiponso kuti zithunzi zokongola zimakopa anthu ambiri kuti azitsatira masewerowa. Anthu amenewa ndikufuna ndiwauze zimene ndinaona ndi maso anga. Mtsikana wina wa m'gulu langa, wofatsa koma wakuthwa nzeru zedi, anagonjetsa anyamata angapo pa mpikisano wa masukulu, ndipo wina mokondwera anaika chithunzi chake pa Facebook. Sipanapite nthawi, abambo akuluakulu anayamba kulembapo za maonekedwe ake, ena mpaka kupempha nambala ya foni ya mwana wa sukulu. Bambo ake ataziona anamuletsa kupitanso ku mipikisano, ndipo sindinawaone kulakwa, pakuti kholo lililonse limateteza mwana wake. Ndinapita kwawo kawiri konse kukawapempha, koma sizinatheke. Kwathu kuno makolo ambiri amakayikira kale kulola mwana wamkazi kuyenda ulendo wa masewero ndi kukagona kutali, choncho mawu aliwonse okamba za thupi lake amangotsimikizira mantha awo. Olemba zimenezo amati akuyamikira, koma amene amaluza ndi mwanayo pamodzi ndi dziko lathu, limene likufuna osewera achikazi ambiri oti akaliyimirire kunja.

Pempho langa kwa atolankhani ndi lakuti mukamalemba za mayi wosewera tchesi, mutiuze kuti wagonjetsa ndani, wapeza mapointi angati, masewero anatembenukira pati ndiponso anakonzekera bwanji, monga mmene mumachitira polemba za amuna. Mukamufunsa mafunso, musayambe ndi nkhani za banja kapena chibwenzi, ndipo posankha chithunzi musankhe chimene chikumuonetsa ali pa bolodi akuganiza. Bungwe la CHESSAM, loyendetsa tchesi m'Malawi muno, limene linatsogoleredwapo ndi mayi, a Susan Namangale, ndikulipempha kuti likhazikitse malamulo omveka bwino okhudza kujambula ndi kufalitsa zithunzi za ana pa mipikisano, ndiponso lipeze munthu amene atsikana angamakadandaule kwa iye mopanda mantha wina akawalankhula zosayenera.

Ine wanu,
Mphunzitsi wokonda tchesi,
Zomba