Kwa eni sitolo ya nsomba ija ya ku Randburg: mwandiphera zomera

Akuluakulu, ndaimba foni kawiri, ndalemba pa WhatsApp, koma kuli zii. Ndiye ndilembe pano, mwina muona.

Mwezi watha ndinakwera ma taxi awiri kuchokera ku Rosettenville kudzagula zomera za m'thanki yanga yagalasi yowetera nsomba. Ndinamuuza bwinobwino mnyamata wa pa kauntala kuti ndimaweta mbuna, tinsomba ta m'miyala ta m'nyanja ya Malawi, mpaka chithunzi ndinamuonetsa pa foni. Anandipatsa Vallisneria (chomera cha m'madzi cha masamba aatali ngati udzu), zomera zina ziwiri zotchedwa Anubias ndi botolo la mankhwala othira m'thanki otchedwa liquid carbon. Anati mankhwalawo ndizithira tsiku lililonse kuti ndere zithe, getsi ndiziyatsa maola 12 kuti zomera zikule msanga.

Sipanathe sabata ziwiri, Vallisneria yense anasungunuka. Masamba aatali aja anasanduka ngati therere, kungokhudza ndi chala n'kuthothoka, fyuluta kudzaza nyansi. Ndinadziwa mochedwa kuti mankhwala amtunduwu amakhala ndi kemikolo yotchedwa glutaraldehyde, ndipo Vallisneria sagwirizana nawo. Ine mwina sindikanadziwa, koma inu ogulitsa? Mwandigulitsa chomera ndi chochiphera m'jumbo imodzi.

Anubias zija nazonso zinabwera ndi tindere takuda m'mphepete mwa masamba, ngati tindevu. Ndinationa nditafika kunyumba. Ndi getsi la maola 12 lija, tafalikira mpaka pa paipi ya fyuluta. Pano ndabweza getsi pa maola 7.

Koma chondiwawa kwambiri si ndalama ayi. Ine ndinakulira ku Chembe, ku Cape Maclear. Tili ana tinkamira n'kumaona mbuna zikupala ndere pamiyala tsiku lonse, mutu pansi mchira m'mwamba. Ndere zobiriwira za pamwala ndi ndiwo zawo. M'thanki mwanga zinatenga miyezi kuti zimere, ndipo ndinkangopukuta galasi lakutsogolo, miyala osaikhudza. Mankhwala anu azifooketsa mpaka miyala yayera, nsomba zikungojompha mwala wopanda kanthu. Zakuda zijazo sizizifuna n'komwe. Vallisneria ndinamusankha dala chifukwa amamera m'nyanja yathu momwemo, pamchenga posaya. Mwana wanga anabadwira kuno ku Joni, nyanja sanaionepo, ndiye ndinkafuna azionako kwawo ngakhale m'galasi. Dzulo wandifunsa kuti, "Adadi, udzu uja wapita kuti?"

Pempho langa ndi ili: mundibwezere ndalama ya mankhwala ndi ya Vallisneria, kapena mundipatse wina pamodzi ndi Anubias zopanda ndere zakuda. Mnyamata uja musamuchotse ntchito, anandilandira mwaulemu. Mungomuphunzitsa kuti si ndere zonse zoyenera kupha, ndipo azimva kaye kuti m'thanki muli nsomba zanji asanatenge botolo pa shelefu.

Risiti ndili nayo, botolo likadali ndi theka. Ndibwera Loweruka m'mawa, ndipo ndikufuna ndidzakumane ndi a manijala.