Ojambula pa maukwati, musaiwale ankhoswe

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za ojambula zithunzi pa maukwati. Diresi loyera lija timalilimbira ngati ndi mwambo wa makolo athu, chonsecho linatchuka ku England mu 1840 pomwe Mfumukazi Victoria anavala zoyera pokwatiwa ndi Albert, kale akwati ambiri kumeneko ankangovala diresi labwino lomwe anali nalo, kaya lofiira kaya labuluu. Kwathu kuno linabwera ndi maukwati a kutchalitchi.

Sindikudana nalo ayi, ndi lokongola ndithu. Koma mwezi watha pa chinkhoswe cha mphwanga, kameramani tinamulipira ndalama zambiri koma nthawi yomwe ankhoswe amasinthana tambala ndi msoti iyeyo anali panja bize kujambula atsikana akupanga mapozi pa galimoto. Lichero, mthiko, nkhwangwa ndi khasu zomwe zinaperekedwa zija, mu alubamu mulibe olo chimodzi! Koma perekani-perekani ndiye zithunzi mbwee, anthu akuponya ma K500.

Amalume mpaka pano akadali okhumudwa, akuti banja likadzavuta adzaitanidwe ndi iwowo osati keke. Inu ojambula, muzifunsa kaye kuti ankhoswe akhala pati.

Wowerenga wanu,
Zomba