Inu otengera anthu ku opaleshoni ya pamimba ku Istanbul, ndibwezereni $1,795 yanga

Poti mauthenga anga a pa WhatsApp mukungowawerenga osayankha, ndabwera pano poyera kuti mwina anthu akamaona muchita manyazi. Tisanalandirane ndalama munkandiyankha ngakhale pakati pausiku. Lero mafoni anu onse adwalira limodzi eti?

Amayi anzanga amene mukuwerenga, imvani mmene zinayendera. Ndabereka ana atatu, awiri mwa iwo kudzera pa opaleshoni. Khungu la pamimba linatayirira, minofu inatalikirana pakati, ndipo ngakhale nditachita masewero olimbitsa thupi chaka chathunthu sizinabwerere. Ndinaganiza zokachititsa tummy tuck, yomwe amadula khungu lotsalalo n'kusoka minofu kuti igwirane. Anthuwa anandiuza mtengo wa $4,200, ati zonse zili momwemo: opaleshoni, kuyeza magazi, hotelo masiku 7, galimoto yodzanditenga ku bwalo la ndege, womasulira, ndi lamba wothina uja amavala masabata pafupifupi 6. Ndinalipira dipoziti ya $1,500. Tikiti ya ndege ndinagula ndekha, $980.

Ndisananyamuke ndinafunsa kawiri ngati ndiyezetse magazi ndili konkuno n'kukutumizirani zotsatira. Yankho lanu ndili nalo mufoni: musavutike, titumizireni zithunzi za pamimba basi, zina zonse tidzachitira kuno. Zithunzi ndinatumiza, kutsogolo ndi m'mbali, nditaima pakhoma ngati wandende.

Ndinatera pa Istanbul Airport, sindikukumbuka bwino ngati linali Lachiwiri kapena Lachitatu, koma kunali kuzizira koopsa. Dalaivala wanu anali kundidikira ku Sabiha Gökçen, bwalo lina la mbali ya Asia, kutsidya kwa nyanja. Mzinda wanu womwe, mabwalo a ndege awiri okha, nambala ya ndege ndinakupatsani, koma munasokonezabe. Nditakhala maola atatu pabenchi ndinakwera takisi, $55.

M'mawa mwake anditenga magazi, kenako andipatsa kapepala ka $240. Ndati kodi si zija munati zili mumtengo? Akuti izi ndi zoyeza "zapadera". Ndinalipira, nanga ndikanatani ndili kale m'manja mwawo. Zotsatira zinaonetsa kuti magazi anga ndi ochepa, hemoglobini ili pa 9.4, pomwe kwa mayi ikangotsika pansi pa 12 ndiye kuti magazi achepa kale. Dokotala anakana kundipanga opaleshoni. Iyeyo sindikumudandaula ngakhale pang'ono. Opaleshoni imeneyi munthu amataya magazi, bala lake limayambira chiuno china mpaka china, ndipo akanandidula mwina bwenzi ana anga akulandira bokosi. Anandiuza mwaulemu kuti ndikamwe mankhwala owonjezera magazi miyezi ingapo. Anadabwanso kuti bwanji palibe anandiuza kuyezetsa ndisanakwere ndege. Funso limenelo ndi lanu, osati langa.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi mtsikana wa muofesi mwanu uja, yemwe pa foni ankanditchula mchemwali wake. Nditapita patebulo pake kukafunsa za dipoziti, sanadzutse n'komwe mutu, anali kalikiliki kukanda foni ndi zikhadabo zake zazitali zofiira. Nditabwereza, anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kunena mokweza, anthu asanu ali pamzere kumbuyo kwanga, kuti dipoziti sibwezedwa ndipo ngati ndalama zikundivuta sindikanayamba n'komwe zofuna kukongola. Kenako analoza mimba yanga ndi cholembera, ati ndayenda nayo zaka zonsezi, miyezi itatu ina siyingandiphe. Mnzake wa pambali anaseka. Ine mayi wamkulu ndinaima pamenepo misozi ili chuchuchu, pepala la magazi lili m'manja. Zikomo kwambiri chifukwa cha chisamaliro chapamwamba chija mumalemba pa tsamba lanu, ndachiona ndi maso anga.

Madzulo omwewo a pahotelo anandiuza kuti kampani yanu yasiya kulipira chipinda poti opaleshoni yalephereka. Ndinadzilipirira masiku atatu, $270. Tikiti yobwerera ndinali nditaiika patali dala, chifukwa munthu akangochitidwa opaleshoni yotere saloledwa kukwera ndege msanga poopa kuti magazi angaundane m'miyendo, komanso timapaipi totulutsa madzi pabala timafunika kuchotsedwa kaye. Kuisintha kuti ndibwerere msanga inandidyera $310. Werengani nokha: $3,355 yapita, mimba ndabwera nayo momwe inalili.

Ndimvetseni bwino. Ya ndege ndi ya hotelo ndaisiya, ndi kupusa kwanga kokhulupirira anthu a pa intaneti. Ndikufuna dipoziti $1,500 ya opaleshoni yomwe sinachitike, $240 ya magazi yomwe munati ili kale mumtengo, ndi $55 ya takisi chifukwa cha dalaivala wanu wosochera. Zonse $1,795. Musandiuzenso zoti mundisungira ndalamayo mpaka ndidzabwerenso. Ndibwerenso kudzatukwanidwa kachiwiri ndi tikiti yogula ndekha?

Ndakupatsani masiku 7. Akatha ndikupita ku banki yanga kukapempha kuti abweze ndalama ya pakhadi poti ntchito yomwe ndinalipira sinagwiridwe. Ndikalembanso ku Unduna wa Zaumoyo wa dziko la Turkey, chifukwa kuyambira 2017 aliyense wochita malonda obweretsa odwala ochokera kunja amayenera kukhala ndi chiphaso cha boma, ndipo chanu ndinakupemphani kawiri simunandionetse. Mauthenga onse ndinawajambula, ndi uja woti ndisavutike kuyezetsa. Ndidzawaika pano limodzi ndi malisiti, komanso m'magulu onse a amayi omwe munandipezamo muja. Ndemanga iyi mukaifufuta ndiibwezeretsa, ndaisunga.

Abale, alipo wina anthu amenewa anamuchita zotere? Ndilembereni kumbali, tikhale ambiri pokadandaula. Ndipo inu a muofesi, mtsikana wa zikhadabo uja andipepese polemba, dzina lake mukulidziwa. Akaunti yobwezerapo ndalama ndi yomweyo ndinakulipirirani nayo.