Tiwaperekeze makolo athu kukabayitsa katemera wa fuluwenza chisanu chisanafike

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene tili kuno ku South Africa, makamaka amene tikukhala ndi makolo kapena agogo pakhomo. Ambirife tinawaitanitsa kuti adzatithandize kulera ana, ena anabwera kudzaonana ndi madokotala, ndiponso alipo abambo amene analowa Joni kalekale moti akalambira konkuno. Chisanu chikayandikira timawagulira majuzi, mabulangete ndi hita, basi n'kumaona ngati tatha ntchito. Za katemera wa fuluwenza sitiziganizira n'komwe.

Fuluwenza ndi yosiyana ndi kachimfine kongotuluka mamina masiku awiri. Imabwera mwadzidzidzi, thupi kutentha, mutu kuwawa, mafupa onse kuphwanya, chifuwa chouma. Wachinyamata amagona sabata imodzi n'kudzuka kubwerera kuntchito. Kwa munthu amene wapitirira zaka 65 nkhani imakhala ina, chifukwa chitetezo cha m'thupi chimakhala chitayamba kufooka. Kachirombo kakavulaza njira za mpweya, majeremusi ena amapezerapo mwayi ndipo pamabwera chibayo. Amene ali ndi matenda a mtima, a shuga, mphumu, TB kapena HIV ndiye amagwa msanga. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse fuluwenza imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 padziko lonse, ndipo m'mayiko olemera ambiri mwa omwalirawo amakhala okalamba. Ifetu maliro otere timangoti "anali atakula kale", osafunsa kuti chinayambitsa n'chiyani.

Kuno nyengo ya fuluwenza imakonda kuyamba cha m'ma Meyi n'kufika mpaka Ogasiti, koma sikuti imasunga kalendala. Mu 2025 bungwe la NICD, lomwe limalondoloza matenda opatsirana m'dziko lino, linalengeza kuti nyengoyi yayamba kumapeto kwa Malichi. Katemera amafika m'zipatala cha m'ma Malichi kapena Epulo, ndipo munthu akabayitsa pamatenga pafupifupi masabata awiri kuti thupi likonze chitetezo. Ndiye kudikira kuti mwana abwere kaye ndi chifuwa kuchokera kukiresi n'kuchedwa. Komabe amene wachedwa asagwe ulesi, kubayitsa mu Juni kuli bwino kusiyana n'kungokhala.

Akuluakulu athu ali ndi mayankho awo, ndipo si opanda nzeru ayi. Ena amati, "Ndinabayitsa kale chaka chatha." Zoona, koma kachirombo ka fuluwenza kamasintha maonekedwe chaka ndi chaka, komanso mphamvu ya katemera imachepa pakapita miyezi. N'chifukwa chake akatswiri a WHO amakumana kawiri pachaka, mu Febuluwale kusankhira mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi, mu Seputembala kusankhira ife a kumwera, kuti aone mitundu ya kachirombo yomwe ilowe m'katemera watsopano. Ena amati analandira wa COVID-19, koma amenewo ndi matenda awiri osiyana ndipo katemera wa uku sateteza uko. Palinso amene amati jekiseniyo ndiye amadwalitsa. M'jekiseni mulibe kachirombo kamoyo koti n'kupatsa munthu fuluwenza. Chimene chimachitika n'chakuti mkono umawawa, mwina thupi n'kutentha pang'ono tsiku limodzi kapena awiri.

Sindinganame kuti wobayitsa sadwala. Zaka zina katemera amagwirizana bwino ndi kachirombo komwe kakuzungulira, zaka zina pang'ono chabe, ndipo mwa okalamba sagwira mwamphamvu ngati mwa achinyamata. Phindu lake lalikulu n'lakuti amachepetsa mpata woti munthu agonekedwe m'chipatala kapena kumwalira. Pachifukwa chomwechi, ife amene timakhala nawo tibayitsenso. Fuluwenza sigwa kumwamba n'kupeza agogo ali khale pampando. Timabwera nayo ndife kuchokera m'mateksi, kuntchito ndi kutchalitchi.

Chinanso chomwe chimandidandaulitsa ndi chizolowezi chathu chothamangira amoxicillin. Agogo akangotsokomola, wina watulutsa kale makapisozi otsala m'kabati. Mankhwala amenewa amapha mabakiteriya, kachirombo ka fuluwenza sakakhudza n'komwe. Wokalamba akayamba kubanika, kumva kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu kapena kukana kumwa madzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngati wangofika kumene kuchokera kumudzi, muwauze achipatala amuyezenso malungo, poti zizindikiro zoyamba zimafanana.

M'zipatala za boma kuno katemerayu amaperekedwa ulere kwa amene ali pachiopsezo, monga a zaka 65 kupita m'tsogolo, amayi oyembekezera ndi odwala matenda amgonagona, koma amabwera wochepa ndipo amatha msanga. Ndikudziwa kuti ena mwa ife amazengereza kupita kukiliniki chifukwa cha nkhani ya mapepala kapena kuopa kunyozedwa pamzere. Oterowo apite kumafamase monga Clicks kapena Dis-Chem, komwe namwino amabaya munthu akalipira. Ndalama yake sifika n'komwe pa zimene timawononga m'bale akagonekedwa, osanena za mtengo wonyamula maliro kuchoka ku Johannesburg mpaka ku Mzimba kapena ku Mangochi.

Kumudzi ku Malawi katemerayu sali pamndandanda wa akatemera amene boma limapereka kwa aliyense, ngakhale chisanu cha Juni ndi Julayi ku Dedza kapena ku Ntcheu sichisewera ndi okalamba. Ndikupempha a Unduna wa Zaumoyo aganizirepo, angakhale kuyamba ndi amene amabwera kale kudzatenga mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Koma ife amene tili kuno katemera ali pafupi, ndipo makolo athu sapita okha, njira sakuidziwa, chilankhulonso chimawavuta. Tipemphe tsiku kuntchito mwezi wa Epulo, titenge khadi lawo lachipatala, tiwaperekeze.

Ine wowerenga wanu,
Johannesburg